Seveni wa apongozi anga

Mpaka lero ndikamadutsa pa Chiringa sipalephera wina wokuwa kuti, "A Seveni, mwaswera bwanji?" Ndimangovomera. Ndinadziputira ndekha.

Akuluampingo atandipatsa ulaliki koyamba, ndinasankha za khamu lija la osindikizidwa chizindikiro, 144,000. Nambalayi inkandichititsa nthumanzi: mafuko khumi ndi awiri, lililonse anthu 12,000. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi kafoni kanga n'kuyamba kuigawa. Pawiri, inatheka. Patatu, inatheka. Panayi, pasanu, mpaka pa sikisi, osatsala ngakhale mmodzi! Thupi lonse linachita tsemwe. Pomwepo foni inazima (kotchajitsa n'kutali, njinga inali itaphwa), koma ndinati zakwana, Mzimu wandionetsa.

Dziwani kuti ndine mkamwini, ndipo tchalitchi chili m'mudzi mwa akazi anga, kunsi kwa phiri la Michesi. Ine ndi apongozi anga aakazi sitiyankhulana maso ndi maso; tikakumana panjira wina amapatuka. Ndinkafuna Lamulungu limenelo adziwe kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi munthu wongodziwa khasu.

"Abale," ndinatero ndili kutsogolo, "nambala iyi igaweni mmene mungafunire, satsala munthu panja! Tchulani iliyonse. A mlembi, gwirani foni yanu."

"Eyiti!" Inatheka. "Naini!" Inatheka. "Teni!" "Thwelofu!" Wina wofuna kundikola anati sikisitini, inathekanso. Azimayi anayamba nthungululu. Ine misozi inalengeza, zoonadi, chifukwa zimenezo nanenso ndinali ndisanaziyese. Ndinaona ngati kumwamba kwatseguka pang'ono.

Kenaka apongozi ananong'oneza akazi anga. Akazi anga anaimirira, maso ali pansi.

"Amayi akuti ana awo alipo seveni. Akuti muyese imeneyo."

"Seveni ndiye nambala ya Mulungu mwini!" ndinatero (pakamwa, pakamwa iwe). "Dinani, a mlembi."

A mlembi anadina. Anapukuta foni pamalaya, n'kudinanso.

"Abambo, kwatuluka dontho ndi mchira wautali."

"Ndiye kuti chiyani?"

Anawerengera kanthawi, milomo ikugwedera. "Ndiye kuti atatu atsala panja."

Apongozi ananong'onezanso, akazi anga n'kuimiriranso.

"Amayi akuti atatuwo asakhale ana awo."

Mpaka akuluampingo anabisa nkhope m'zipewa. Akwaya ndi amene anandipulumutsa, anangoyambitsa nyimbo ulaliki usanathe.

Komabe nambalayi ndimaiopa koposa kale. Kuyambira pa wanu mpaka pa teni imagonjera onse, imangokana seveni yekha, ndipo Mwini wake anadziwa zimenezo phiri la Michesi lisanaime. Ine ndinayesa zisanu zokha n'kuyamba kumuyankhulira.

Za atatu aja sindidandaula. Mbusa amene amasiya khola lonse kukafuna nkhosa imodzi sangalephere atatu. Ndipo mmodzi wa iwo sakamuvuta kupeza: anali chiimire kutsogolo kwa apongozi ake, thukuta lili kamukamu.