Lupanga la Alamu

Zinayamba m'nyengo yozizira ya chaka cha 2021, Lolemba pa 14 Juni, patangotha milungu isanu ndi umodzi chimwalirire akazi awo a bambo okonza mawotchi. Mumsewu wonse, iwowa ndiwo anasunga wankhondo kwa zaka pafupifupi zitatu osamulola kuvulaza munthu. N'chifukwa chake aliyense ankawatchula kuti a Chishango.

Ankagwira ntchito pakhonde la masitolo akale, patebulo lagalasi, pakati pa makina a mayi atelala ndi chitseko cha bambo ometa tsitsi. Mwana wawo wamkazi, nesi wogwira ntchito kutali, anawatumizira foni yatsopano kuti azilankhulana. Ometa tsitsi ndiwo anawaikiramo gemu, ataona kuti mkuluyo wayamba kupatsa moni mawotchi.

Gemuyo inali ya ankhondo akale aja omenyana m'bwalo lamchenga khamu likukuwa. Wosewera samenya nawo. Amangokonzekeretsa munthu wake, n'kumulowetsa m'bwalo, iye n'kumaonerera. Nkhondo iliyonse imabweretsa mapointi, ndipo mwini wake amasankha powaika: palupanga kuti wankhondoyo azivulaza kwambiri, kapena pachishango kuti asavulazidwe. Zikatha mphindi khumi wina osagwa, wopambana ndi amene wavulaza mnzake kwambiri. Koma wakugwa amaferatu, sabweranso.

A Chishango atangomva mawu omalizawo, zina zonse zinawadutsa. Pointi iliyonse inkapita pachishango.

"Achimwene, lupangalo mukulisungira kusendera zipatso?" ankatero ometa tsitsi, lumo lili m'manja. "M'gemu muno wopambana ndi womenya. Kutchinga sikuwerengedwa!"

"Alamu ndi munthu woleredwa bwino," ankayankha a Chishango. "Sangangoyamba kutema munthu amene sanadziwane naye n'komwe."

Wankhondoyo anamutcha Alamu chifukwa, monga ankanenera, anali kukhala kwawo, kudya batire lawo, ntchito osagwira.

Mayi atelala, amasiye a zaka zambiri, poyamba ankati n'zachibwana. Koma iwo chilichonse chochitika pakhondepo ankachilemba pakalendala yopachika pamwamba pa makina, ndipo posakhalitsa Alamu analowamo. Pa 3 Febuluwale 2022 analemba kuti chishango chadzaza, sichikulandiranso pointi. Kuyambira tsikulo mapointi ankangounjikana, osagwiritsidwa ntchito.

Inu, nkhondo za Alamu zinali zoti munthu adzionere yekha. Ankalowa m'bwalo ngati kabati yoyenda, zitsulo mpaka m'zikope. Zimphona zinkamuphapha ndi nkhwangwa, zinkamubaya ndi mikondo, kumuponyera maukonde, iye ali phee. Kamzere kofiira kosonyeza moyo wake sikankasuntha. Akati abwezere, ankangomukhudza mnzakeyo ngati akumuchotsa ulusi pamalaya. Zikatha mphindi khumi foni inkalengeza kuti Alamu agonja, a Chishango n'kuwomba m'manja.

"Mwagonjatu, bambo!" ankatero ometa tsitsi.

"Koma akupita kwawo ndi miyendo yawo. Anu aja ali kuti?"

Apa ankanena ankhondo a ometa tsitsiwo. Iwo zonse ankaika palupanga. Ankhondo awo ankapambana kasanu, kakhumi, mpaka kukwera m'magulu apamwamba kumene Alamu sanapondeko. Kenako ankakumana ndi wamkono wolemera kuposa wawo, basi maliro. Pakalendala ya mayi atelala panalembedwa maliro oterowo makumi awiri ndi atatu. Aliyense akagwa, a Chishango ankavula chipewa, n'kukaima pakhomo la ometa tsitsi manja ali kumbuyo.

"Pepani ndi zovutazi, achimwene. Mwambo uyamba nthawi yanji?"

"Chokani apa, ndingakumeteni nsidze!"

Popeza nkhondo ya Alamu sinkatha msanga, inasanduka nthawi ya tiyi. Ikakwana teni koloko mayi atelala ankatereka ketulo, a Chishango n'kutsamiritsa foni pawotchi yaikulu yakufa, anthu n'kuyamba kusendera: osoka nsapato, ogulitsa mankhwala, ngakhale munthu wometedwa mbali imodzi, nsalu ili m'khosi. Kunena zoona, pafoni ankangoponyapo diso mwa apo ndi apo. Aliyense ankadziwa mathero ake. Ankakamba za mawondo opweteka, za ana osaimba foni, za amene wasamuka. Kwa mayi atelala, amene kunyumba ankayankhidwa ndi wailesi yokha, mphindi khumi zimenezo ndizo zinali tsiku.

Tsiku lina mvula ikugwa, atatsala awiri, mayi atelala anawafunsa a Chishango motsitsa mawu.

"Koma achimwene, bwanji osamulola kuti apambane kamodzi kokha?"

A Chishango anachotsa kagalasi kokulitsa zinthu padiso, n'kukapukuta nthawi yaitali.

"Akapambana amukweza gulu, achemwali. Kumtundako kuli zilombo. Ine anthu oika m'manda andikwana."

Mayi atelala tsiku limenelo sanalembe kanthu.

Chakumapeto kwa 2023 maso a a Chishango anayamba kuchita nkhungu. Tizitsulo ta m'mawotchi tinkawagwa, mayi atelala n'kumawatolera ndi maginito awo otolera singano. Anabisa nkhaniyo miyezi itatu, koma nesi sabisiridwa matenda. Mwanayo analamula kuti bambo ake akakhale naye.

M'mawa wa tsiku lonyamuka, masutikesi awiri ali pakhonde, anthu anasonkhana ketulo isanawire n'komwe. Alamu anali ndi mapointi 412 osagwiritsidwa ntchito.

"Achimwene," anatero ometa tsitsi, "musapite ndi manyazi amenewa. Kamodzi kokha. Tione Alamu akumenya munthu."

Onse anavomereza. A Chishango anayang'ana nkhope zimene sankazionanso bwino, kenako anapereka foni kwa mayi atelala.

"Ine sindikuona podina. Ikani onse palupanga, achemwali. Koma akafa, mwapha ndinu."

Mayi atelala anathira tiyi m'makapu, anapukuta manja, n'kudina. Alamu analowa m'bwalo. Kutsogolo kwake kunaima chimunthu cha nkhwangwa ziwiri. Alamu anatukula mkono kamodzi.

Ndi mawotchi onse aja, palibe anatsutsa: nkhondoyo inatenga masekondi asanu ndi awiri. Khamu la m'foni linakuwa, maluwa akugwa pamchenga. Ometa tsitsi anafuula "Eyaa!" okhaokha, kenako anaona kuti palibe wowathandiza. Anthu anaima ndi makapu odzaza, osadziwa koyang'ana. Osoka nsapato anakumbukira kuti asiya guluu wosatseka. Ogulitsa mankhwala anati kusitolo kulibe munthu.

"Mwaonatu," anatero a Chishango. "Tapambana. Tiyi sanapole n'komwe."

Foni inafunsa ngati Alamu alowe gulu lapamwamba. Iwo anaithimitsa, n'kuiika m'thumba la jekete, n'kumanga batani.

"Kumeneko sapita. Wapuma ntchito, ngati ine."

Galimoto ya mwana wawo inafika tiyi akadali wofunda.

Lero pamalo pa tebulo lagalasi pali zipsera zinayi pasimenti. Ometa tsitsi anachotsa gemu m'foni mwawo. Amati inkawathera batire. Ikakwana teni koloko mayi atelala amaterekabe ketulo yodzaza, n'kumwa kapu imodzi, makina ali chete. Anthu amadutsa, amapereka moni, koma palibe chowaimitsa mphindi khumi. Kalendala ya chaka chimenecho sanaichotse pakhoma, ndipo sanaitembenuzenso. Pamzere womaliza pali mawu awo ang'onoang'ono, olembedwa mosamala: Alamu apambana, achimwene apita. Loweruka, 9 Marichi 2024.