Namondwe Weniweni Ali ku Doha

Wina aseke ndimumve! Iwe Yusufu, zimitsa wailesi ya pafoniyo, chifukwa amene akubwebweta apoyo, amene inu mukuti Namondwe, dzina limenelo ndi langa, anachita kundibera masanasana. Wokayika atuluke akaime padzuwa, abwere nkhani ikatha.

Inu mukandiona mumangoona nkhalamba ya yunifomu yolondera geti nambala folo ku Msheireb, kuno ku Doha. Koma ine, anyamata, nonsenu musanabadwe ndinali mwini bandi ya jazi ku Ndirande, ine palipenga, anzanga pa mabanjo awiri, babatoni ndi ng'oma za chikopa cha mbuzi, ndipo dzina la Namondwe anandipatsa ndi anthu tsiku limene ndinaliza lipenga paukwati, malata onse a holo n'kunyamuka, kuuluka mondondozana mpaka ku Chileka, a pabwalo la ndege n'kuwalandira poyesa ndi ndege yochokera ku Joni. Mukumva? Muulutsi ameneyo anali pomwepo, ati wabwera kudzajambula nyimbo zathu. Nyimbo sanaziulutse, koma dzina anapita nalo.

Zaka zonsezo ndinapirira. Chinandiwawa ndi chaka chimene ndinafika kuno. Mwana wanga wamkazi anandilembera pafoni kuti adzukulu anga akuti agogo ndi abodza, Namondwe ndi wa pawailesi. Walahi ndinalira, mpunga tsiku limenelo sunalowe. Munthu ntchito ikhoza kukuthera, mano akhoza kuguluka, koma kuluza dzina pamaso pa adzukulu ako? Ayi ndithu.

Ndinawauza akwathu onse kuti Lachisanu atchere khutu, nthawi imene iyeyo amalandira mafoni a anthu opereka moni. Titangochoka kumzikiti ku swala ya Juma ndinakwera padenga la akomodeshoni yathu yogonayi ya ku Umm Ghuwailina, dzuwa lili paliwombo, ndikuimba foni, laini bize, ndiimbenso, bize, Malawi yense ali pamzere, ine kungoyendayenda ngati nkhuku yofuna kuikira. Ndinati khalasi, basi zakwana. Lipenga ndinalisiya kumudzi, ndiye ndinazula paipi ya eyakoni, n'kulumikiza fanulo ya dizilo ya dalaivala wina, ndi kuliza kamodzi kokha, kamodzi ndikunena, ndipo chimphepo cha mchenga chimene chimabwera kuchokera kuchipululu chinatembenuka n'kubwerera ku Saudi, makireni a ku Msheireb anayamba kuvina sinjonjo mpaka kumanga okha nsanjika zitatu pa tsiku la ofu, ngamila za kumsika zinagwada, ma Nepali ndi ma Kenya anatuluka m'marumu ndi matawulo okha akufuula yala yala, tiyeni msanga, ndipo kulira kwa paipiko kunalowa m'foni, kuwoloka nyanja, kukankha aliyense amene anali pamzere, mayi wina ku Karonga foni n'kumupulumuka kugwera m'ndowa. Mukumva? Laini inatseguka.

"Halo, muli pawailesi ndi Namondwe. Ndikulankhula ndi ndani, kuchokera kuti?"

Mawu ndinali nawo. Ndinawakonza sabata yathunthu pashifiti, mawu oti akamva atule dzinalo pansi n'kupepesa dziko lonse likumva. Koma anyamata, ntchito yathuyi mukuidziwa. Munthu amene amayankha wokitoki ya mudiri, bwana wapantchito, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, chinthu chikangoti khwee kukhutu, pakamwa pamayankha pokha mutu usanadziwe. Ndinaima njo, n'kumenya saluti padenga pomwepo, ine: "Geti Folo, sa! No pulobulemu, ova!"

Mbava ija inaseka mpaka kutsokomola. "Moni kwa a Geti Folo aku Qatar, akuti no pulobulemu!" N'kudula foni, n'kuika nyimbo.

Kumudzi onse anamva, anali atazungulira wailesi monga ndinawauzira. Mpaka lero adzukulu akandiimbira amati, "Agogo a Geti Folo, muli bwanji? Ova." Inunso ndi dzina mumanditchulali, mumayesa linachokera kuti? Sekani, sekani ndithu. Koma limeneli ndiye langalanga, palibe wondilanda.