Pulayima wa amalume ake a Tiyamike

Pali manyazi ena oti ngakhale uwapake penti katatu amaonekerabe. Anga ndinawatola Loweruka lina ku Rosettenville, m'galaja ya munthu amene ndinkafunitsitsa kuti andione ngati wanzeru.

Ine ndine wopenta nyumba, ndimakhala ku Diepsloot. Pa nkhani ya pulayima, penti uja timayamba kupaka pakhoma tisanapake wa mtundu, simungandiuze kanthu (pa zina mutha kundiuza, kungoti sindimva msanga). Nthawi imeneyo ndinali nditatsimikiza zokwatira Tiyamike, mtsikana wa ku Ntcheu amene amasoka zovala ku Yeoville. Koma mwambo wathu mukuudziwa, malume akapanda kuvomera ukwati palibe. Amalume akewo, a Mwale, ali konkuno ku Joni. Anagwirapo ntchito yaulonda ku migodi, pano amaphunzitsa alonda kagwiridwe ka mfuti, ndipo ine ndisanabwere anali atabweza kale mnyamata wina.

"Kaya mukawapeza ali bwino," anatero Tiyamike. "Masiku ano akungodandaula za pulayima. Akuti amene anazolowera akusowa m'mashopu, ndiye sakudziwa kuti asankhe uti."

Ndinachita kudumpha. "Pulayima? Iwe, kawauze kuti katswiri akubwera!"

"Mukunena zoona? Ine za m'galaja mwawo sindizitsata."

"Ndati kawauze."

Ndinagula chitini cha pulayima wapamwamba, n'kuchiika m'chikwama, n'kuchinyamula pamiyendo m'mateksi awiri ngati khanda. Titafika, Tiyamike analowa kukhitchini kwa azakhali ake, ine a Mwale ananditengera kugalaja. Munthu wamtali, wa imvi, woyankhula motsitsa. Nditangolowa maso anga anagwera pakhoma: penti yense atafundukafunduka. Mumtima ndinati basi, mkazi ndatenga.

"Ndamva kuti ndinu katswiri," anatero a Mwale akufunafuna kiyi wa kabati yachitsulo. "Inuyo mumakonda wofewa kapena wolimba?"

"Zimatengera ntchito yake, bambo."

"Eyaa! Ndi zomwe ndimawauza anzanga ku kalabu yathu. Nanga pamwezi mumatha wochuluka bwanji?"

"Aa, ine ndimagula wa m'zidebe."

Dzanja lawo linaima pa kabati. "Zidebe? Chilolezo chanu n'chamtundu wanji?"

"Chilolezo? Palibe anandifunsapo chimenecho," ndinayankha ndikuseka (inde, ndinaseka).

"Ndiye ntchito zanuzo mumagwirira kuti?"

"M'nyumba za anthu, bambo. Ku Fourways, ku Sandton, konseko. Makamaka eni ake akachokapo, m'pamene timagwira momasuka."

Eish! A Mwale anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, kenaka anayang'ana chikwama changa. Anatsegula kabati pang'onopang'ono, osandipatsa msana, n'kutulutsa kabokosi kochepa ngati ka machesi. M'katimo munali tizitsulo tozungulira, tating'ono kuposa batani la malaya.

"Ndisonyezeni amene mumagula m'zidebeyo."

"Timeneti n'tichiyani, bambo?"

"Mapulayima. Kameneka kamakhala kumbuyo kwa chipolopolo. Kamsomali ka mfuti kakakamenya, kamayatsa wonga."

Apa m'pamene maso anga anatseguka. Pathebulo panali sikelo yaing'ono, chipangizo chachitsulo chokhala ndi mkono wotsindikira, ndi zikhokhombe za zipolopolo zitandandalikidwa mumizere. Ndinakumbukira mawu anga onse, limodzilimodzi, thukuta lili kamukamu. Ndinagwada, n'kutsegula chikwama, n'kutulutsa chitini chija ndi manja awiri.

"Wanga ndi uyu, bambo. Wa khoma."

Anawerenga zolembedwa pachitinipo mpaka pansi. Kenaka phwete! Anaseka mpaka kukhala pampando, misozi ili mbwembwembwe. "Mwana iwe! Ine ndimati mwana wa mlongo wangayu wandibweretsera chigawenga. Ndinatsala pang'ono kukutsekera muno!"

Ndinkayembekeza kuti andionetsa msewu. M'malo mwake anandikokera mpando, anandipatsa magalasi oteteza maso, n'kuyamba kundiphunzitsa. Abale, ndaonapo amisiri, koma a Mwale ndi ena. Iwo amapikisana nawo pa masewera owombera chandamale, ndipo zikhokhombe za mfuti yawo yaitali, ya zipolopolo zing'onozing'ono, sataya, amazidzazanso okha, ndi chilolezo chawo. Tizitsulo tija kwa ine tinali tofanana tonse. Iwo amati ayi: tina khungu lake ndi lopyapyala, tina ndi lokhuthala, tina moto wake ndi waukali. Tina ndi ta mfuti ya m'manja, timalowa bwinobwino pamalopo koma si take, ndipo woika timeneto akusewera ndi maso ake. Anatola chikhokhombe chowombedwa kale, n'kuyang'ana pomwe kamsomali kanamenya ngati namwino akuyang'ana chilonda.

"Mwaona kabowoka? Kanaboola. Chipolopolo chimenechi chinali ndi mphamvu yoposa khungu la pulayimayu. Mtundu umenewu ndausiya."

"Ndiye bwanji osangogula wina n'kuika?"

"Ukasintha pulayima wasintha chipolopolo chonse. Umayambiranso pansi, kutsatira buku, kuyesa pang'onopang'ono. Ndipo susintha zinthu ziwiri nthawi imodzi, ungadzasowe chomwe chalakwa."

Anandionetsa pepala la chandamale la mpikisano wina. Ndinaona bowo limodzi. Ndinati pepani, zipolopolo zinazo munaphonya. Anangomwetulira. Zonse zinadutsa pomwepo! Ine amene mzere wa pawindo umandikhotera ndikagona ndi njala, ndinachita kuvula chipewa. Ndinasirira manja amenewo, osanjenjemera, osathamanga, chilichonse akuchibwezera pamalo pake.

Kenaka anandifunsa za khoma lawo. Apa ndiye ndinayankha zomwe ndikuzidziwa: chinyontho chikuchokera pansi, ndipo amene anapenta anathamangira mtundu pulasitala asanaume. Anamvetsera mpaka kumapeto, monga mmene ine ndikanayenera kuchitira.

Pa chakudya cha masana anafotokozera azakhali nkhani yonse, osasiyako ngakhale ya eni nyumba ochokapo ija. Tiyamike anabisa nkhope m'chitenje. Ine ndinangoweramira m'mbale.

"Mnyamata uyu pakamwa pake pamathamanga," anatero a Mwale pomaliza. "Koma atazindikira kuti walakwa sanakakamire, anagwada ndi chitini chake. Uzani akwanu abwere, tidzakambirane."

Mtima wanga unakhala pansi, mwina mopitirira muyeso. Potiperekeza pageti anati, "Mudzabwerenso, ndidzakuonetseni za magazini."

"Aa, amenewo ndiye ndimawerenga kwambiri, bambo, makamaka a mpi..."

Tiyamike ananditsina pamkono mpaka ndinaluma lilime. Tili mu teksi m'pamene anandinong'oneza kuti magazini ndi kabokosi kolowetsamo zipolopolo mumfuti, ndipo anandipempha kuti tsiku la chinkhoswe ndidzangoti zikomo basi.