Mwendo Umene Unagwira Mbava

Nzeru yokaba ku mishoni inabadwa Loweruka masana, kuseri kwa msika wa Nkando, chipanda cha masese chikuzungulira kachinayi. Nzeru zonse za Pilato zinkabadwa pa chipanda chachinayi. Pofika chachisanu zinkakhala zitamera kale ndevu.

Pilato silinali dzina la ubatizo. Anthu anamupatsa chifukwa mlandu ukavuta iye ankapezeka ali poteropo, m'manja muli mbee, anzake akulowa m'ndende. Pambali pake panakhala Filipo Chinjenje, chimunthu champhamvu ngati ng'ombe ya pangolo koma choopa ngakhale chithunzithunzi chake chomwe. Wachitatu anali Moffat, amene anzake ankamutcha Mpini.

Moffat anasiya mwendo wake wamanzere pansi pa mgodi ku Joni. Anabwerako ndi bulangete, chipewa, ndi mtengo womangirira m'chiuno ndi malamba. Pamsewu mtengowo unkagogoda, m'munda unkamira. Atakafuna ntchito, akapitawo a ku esiteti ya tiyi anamubweza katatu. Pakhomo, pokhala mkamwini, alamu ake anali atayamba kuyang'ana m'mbale mwake akamadya kalongonda. Mkazi wake Esteri sanapite m'mbali: mvula ikagwa iye asanagwire ntchito kapena khasu, anyamule bulangete lake la ku Joni aone msana wa njira. Unali mwezi wa Okutobala mu 1956, ndipo mitambo inali itayamba kale kuchezerana pamwamba pa Sapitwa. Moffat ankamukonda Esteri, ndipo ankachita mantha.

Chiyembekezo chinalipo kale, koma chinafota. Chaka chathacho a Spencer, dresala wamkulu wothandiza dokotala pa chipatala cha mishoni, anamukulunga chitsa cha mwendowo ndi pulasitala, nkuivula itauma. Anati chikombolecho chipita kutsidya kwa nyanja, kumene anthu ophunzira akuyesa miyendo ya mtundu watsopano. Miyezi khumi ndi inayi inadutsa kuli zii. Moffat analeka kufunsa, nkuyamba kusunga chakukhosi.

"Tamverani, anyamata," anatero Pilato, akupukuta masese kukamwa. "Lachinayi kwatsika bokosi pa sitima ku Luchenza. Lalitali chonchi. Lopepuka. Lolembedwa zofiira mbali zonse. A Spencer analinyamula okha ngati khanda, osalola munthu kuligwira. Chinthu chachitali chimene sagwiritsa munthu wamba nchiyani?"

"Njoka," anatero Filipo.

"Mfuti, mbuzi iwe! Mfuti yatsopano ya dokotala. Ndili ndi patarawo wanga, bwana wa Chipwitikizi wa ku Milanje ku Mozambiki, akangoiona atipatsa njinga zitatu. Aliyense yake."

Moffat anameza malovu. Ndi njinga akanatha kumapikula matemba ku Chilwa, mwendo umodzi womwewo, ndipo bulangete likanakhala m'nyumba.

"Nanga alonda?" anafunsa.

"Apo ndiye pagona nzeru. Mbava zopusa zimaba usiku, agalu ali maso. Ife tiba Lamulungu m'mawa, mishoni yonse ili m'tchalitchi. Mawa akupempherera anthu ndi a Spencer, ndipo pemphero lawo munthu ukhoza kuphika nandolo nkupsa. Iwe Mpini ukudziwa chipinda chosungiramo katundu. Chinjenje anyamula. Ine ndine mutu."

"Mutu uchita chiyani?"

"Uganiza."

Anafika belu lachiwiri litangolira. Khonde la chipatala linali la simenti, ndipo mtengo wa Moffat unayamba kulengeza kubwera kwawo: go, go, go! Anaukulunga ndi malaya a Filipo, chifukwa jekete la Pilato linali la mutu.

"Chitseko ndi ichi," ananong'ona Moffat.

"Mbava yodzilemekeza silowera pakhomo," anayankha Pilato. "Chinjenje, zenera."

Filipo anatsinzina, nkumenya zenera ndi mwala. Galasi linati phwaa! Onse atatu anauma. M'tchalitchi a Spencer anali atangofika popempherera odwala a ku Phalombe. Filipo anadzipanikiza pa zenera, nkukakamira m'chiuno, miyendo ikupalasa m'mwamba. Moffat, atatopa ndi kuima, anatsamira chitseko. Chinatseguka. Analowa, nkutenga bokosi pa tebulo, nkutuluka, kenako iye ndi Pilato anamukoka Filipo miyendo mpaka anazuka.

Pa bokosipo panamangidwa kapepala kolembedwa. Pa atatuwo panalibe amene anapita patali ndi sukulu. Pilato anakayang'ana mozondotsa kwa nthawi, nkugwedeza mutu ngati wamva zonse, nkukapinda m'thumba. Linali pepala labwino lopichirira fodya.

Anakatsegulira bokosi m'nsungwi za m'mbali mwa mtsinje. Pilato anakankha ziyangoyango ndi manja, nkukhala pansi, nkupichira ndudu yachipambano ndi kapepala kaja, nkukoka kawiri, nkuizima, nkuipachika kukhutu. Atatero anazula misomali.

Mfutiyo inali ndi zala zisanu.

Filipo anathamanga mapazi makumi awiri, nkugwada, nkuyamba kutchula mayina a amalume ake onse amene anamwalira. Pilato anautola mwendowo ndi nsonga za zala. Unali wosalala ngati mbale yadothi ya kusitolo, wotuwira ngati mphonda. Anaugogoda. Sunali mtengo, sunali chitsulo, sunalinso nyama. Kulemera kwake nkhuku yoikira inkauposa. Bondo lake linkapinda lokha mwaulemu, ndipo pamwamba panali chibowo ngati kamwa la mtsuko.

"Ndi wa mzungu," anagamula Pilato. "Taonani khungulo."

Moffat anamva kuwawa mumtima. Iye anadikira miyezi khumi ndi inayi osalandira ngakhale mtengo wopala bwino, pamene mzungu wina wake amuumbira chinthu chokongola chonchi, chokhala ndi zikhadabo zomwe. Anaonanso kuti unali wamanzere, nkuganiza kuti dziko lapansi lilibe chisoni.

"Patarawo wako ali ndi miyendo ingati?" anafunsa.

"Iwiri," anavomera Pilato. Anakanda m'manja, nkuganiza. "Koma mwina ali ndi m'bale wake. Vuto ndi kanyamulidwe. Munthu sungayende pamsewu wa ku Muloza utasenza mwendo paphewa. Mpini, uvale. Utsitse buluku. Katundu adziyendera yekha mpaka ku Milanje."

Moffat anamasula malamba, nkuponya mtengo wake m'nsungwi. Analowetsa chitsa m'chibowo muja, nkugwira phewa la Pilato, nkuimirira. Mwendo unati pfuu! ngati munthu wokhuta, nkugwira. Panalibe lamba, panalibe chingwe. Unangomukwana ngati anabadwa nawo.

Anaponda kamodzi. Anapondanso. Bondo linapinda, phazi linatsogola lokha. Anayenda mpaka pamadzi nkubwerera, mapewa ali chilili, osatsimphina ngati kale. Zaka zisanu ndi ziwiri anali asanamve thupi lake likuyenda mowongoka. Misozi inatsika, ndipo sanaipukute. Kwa kanthawi anaiwala kuti ndi mbava.

"Basi, basi," anatero Pilato. "Uvule kaye tione ngati sunakalike. Katundu wogulitsa ameneyo."

Moffat anakhala pansi nkukoka. Mwendo unakana. Anapotokola. Unakana.

"Chinjenje, bwera udzakoke."

Filipo anabwera chokwawa. Moffat anakumbatira nsungwi, Filipo anagwira chidendene nkukoka ndi mphamvu zonse za ng'ombe. Nsungwi inathyoka, Moffat anakhwekhwerezeka mpaka mumtsinje, koma mwendo unali pomwepo. Akamakoka kwambiri, nawo unkaluma kwambiri.

"Aikona!" anakuwa Moffat. "Mundizula ndi chiuno chomwe!"

Filipo anausiya, nkuyang'ana manja ake. Milomo inatuwa.

"Anatsirika," anatero.

Panalibe amene anatsutsa. Aliyense ku Mulanje ankadziwa za munthu uja wa ku Muloza amene anaba dengu la chimanga m'munda wotsirika, dengu nkumukakamira pamutu mpaka mwini munda anabwera kudzamutula. Lamulo lake linali lodziwika: womasula ndi mwini katundu yekha, ndipo onse amene agwirako ayenera kukaonekera, apo ayi amatupa.

"Inu pitani," anatero Pilato, akubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. "Ine nditsala ndiziganiza."

"Bwanji ukukanda m'manja?" anafunsa Filipo.

Pilato anayang'ana. Manja ake anali atafiira, atatuluka zidzolo, akuyabwa ngati moto. Ziyangoyango zimene anakankha pofika zija zinali chitedze, koma panthawiyo panalibe amene anali ndi mtima woyang'ana zomera. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, Pilato analephera kusamba m'manja.

"Popepesa sapita chimanjamanja," anatero ndi mawu aang'ono. "Pafunika nkhuku yoyera."

Anaipeza ikusakasaka kuseri kwa nyumba ina yofolera ndi malata pafupi ndi mishoni. Filipo anaikwatula.

Mapemphero anali atatha. Mpingo wonse unaunjikana pa zenera losweka, ndipo pakati pawo panaima kopolo wa polisi amene ankaimba besi m'kwaya. Ankalemba m'kabuku kuti akuba athawira ku Mozambiki, pamene khamu linapatuka. Amuna atatu analowa pamzere: woyamba akuyenda mowongoka ngati msilikali, wachiwiri wopanda malaya atakumbatira nkhuku, wachitatu akukanda. Anagwada pamaso pa a Spencer. Bondo latsopano lija ndi limene linagwada bwino kuposa onse.

"Bambo," anatero Pilato, "tachimwa. Timasuleni. Mankhwala anu tawaona."

A Spencer anayang'ana nkhuku ija nthawi yaitali, chifukwa inali yawo. Kenako anayang'ana Moffat.

"A Moffat, taimirirani. Muyende mpaka pa mtengo wa mangowo, mubwerere."

Moffat anayenda, mpingo wonse ukumuyang'ana. A Spencer anawerama, maso ali pa bondo.

"Pali pamene pakukupwetekani? Kumbuyoku sukutsina?"

"Ayi, bambo. Koma sukuchoka."

"Suyenera kuchoka. Khalani apa."

Anapinda buluku la Moffat, nkudina kabatani kakang'ono m'mbali mwa ntchafu. Kanati psii! Mwendo unavuka nkutsalira m'manja mwawo. Filipo anagwa chafufumimba.

"Mulibe mankhwala muno," anatero a Spencer. "Ndi mpweya. Mukalowetsa chitsa, mpweya umatulukira pa kabowo aka, osabwereranso. Ndiye umagwira ngati nyanga yolumikira imene agogo anu ankakuikani pamsana. Mukakoka, umagwiritsa. Chinthucho ndi pulasitiki, amachita kuthira pa nsalu ali wamadzi, nkuuma potsata chikombole. M'Nyasalande monse muno ilipo itatu yokha, akuyesa ngati ingapirire kutentha kwa kuno. Kapepala kanali pabokosi kali kuti?"

Pilato anatsitsa ndudu kukhutu. A Spencer anaifunyulula, nkukutumula fodya. Theka linali litapsa, koma zotsalazo zinkawerengeka. Anawerenga mokweza dzina la Moffat ndi la mudzi wa mkazi wake.

"Mwendowu ndi wanu, a Moffat. Anauumba pa chikombole chanu chija. Ndinatumiza uthenga kwanu Lachisanu kuti mubwere mawa mudzatenge."

"Ndikanawauza bwanji?" anamveka mawu kumbuyo kwa khamu. Anali Esteri, atavala duku lake la Lamulungu. "Chichokereni Lachisanu, munthu ali ku Nkando kumaphunzira nzeru."

Moffat anazolika. Akanakonda nthaka ikanang'ambika, kapena akanakhalanso pansi pa mgodi uja.

Kopolo ananyambita pensulo. Za zenera analemba. Za nkhuku analemba. Pa mwendo anaima, chifukwa sankadziwa kuti munthu woba mwendo wake womwe amamulemba bwanji. Pomaliza anagamula kuti mwendowo ndi umboni, ndipo umboni uyenera kukafika ku Boma. Koma panjinga yake panali kale nkhuku, imenenso inali umboni, ndipo mtengo wa Moffat unatsala m'nsungwi. A Spencer anagwada, nkumuveka mwendo uja bwinobwino, nkumuonetsa kabatani kawiri kuti asadzabwerenso ndi nkhuku ya munthu.

Choncho umboni unanyamuka wapansi kupita ku Boma, Filipo ndi Pilato ali pambuyo pake, omangidwa chingwe chimodzi. Pilato ankafotokozera kopolo kuti iye anangodutsa.

Esteri anawatsatira mpaka pamphambano, maso ali pa msana wa mwamuna wake. Pamene ankati abwerere, anamuitana ndi dzina la mwana wawo.

"Bambo a Rosie!"

Moffat anatembenuka.

"Wongokani bwino, anthu akuona. Mukatuluka, khasu mulipeza pakhonde." Anakonza duku lake. "Bulangete lija ndalichapa. Lili m'nyumba."

Woweruza anawapatsa mwezi umodzi wolambula misewu ya pa Boma. Mvula yoyamba inawapeza ali pantchito yomweyo, ndipo inagwa yamphamvu, msewu wonse nkusanduka phala. Akaidi anathamangira pansi pa mtengo, Pilato ali patsogolo. Moffat anatsala yekha pakati pa matope, khasu lili m'manja. Anaponda ndi mwendo wamanja, nkuponda ndi wamanzere, nkuyang'ana pansi. Sunamire.