Dazi langa ndi mafuta a kampango

Mpaka lero ndikamva fungo la kampango wowamba, dzanja limathamangira lokha pamutu. Mkazi wanga Mariamu akaona zimenezi amaseka mpaka kutsokomola, ndiye bola nkhaniyi ndifotokoze ndekha iye asanaikometsere.

Nthawi imeneyo mafoni oonerapo kanema kunalibe. Resiling'i, masewera omenyana ndi kugwetsana aja, inkaonetsedwa pa TV ya dishi usiku kwambiri ife tili m'tulo, ndipo madishiwo anali kumahotela a kunyanja basi. Ogwira ntchito kumeneko ankaijambula pa matepi n'kumagulitsa kwa Che Amidu, mwini vidiyo sho ya pafupi ndi msika wa Mangochi. Ife tinkaonera masana, titapanikizana pa mabenchi, thukuta lili kamukamu.

Panali chimphona china chimene tinachitcha Chigayo, poti dzina lake lenileni linkatikanika kutchula. Chigayo anali ndi dazi lowala. Ndinkamukonda chifukwa nanenso tsitsi linali litayamba kuthawa pamphumi ndili mnyamata wosakwatira (musaseke, zimawawa).

Tsiku lina Che Amidu anaika tepi ina. Abale inu! Chigayo analowa m'bwalo tsitsi lili mpaka m'mapewa! Anzanga ankakuwira nkhonya, ine maso ali pamutu pake. Zatheka bwanji, munthu anali ndi dazi sabata yatha yomweyi?

"Che Amidu, tsitsi ili walitenga kuti?" ndinafunsa potuluka.

"Azungu ali ndi mankhwala, achimwene," anayankha osandiyang'ana n'komwe. "Simukuona mmene akunyezimira? Ndi mafuta amenewo."

Ndinabwereranso kukaonetsetsa. Zoonadi, thupi lonse linali noninoni, tsitsi lonyowa. Koma mafuta ake ati? Ndinayesa ophikira, palibe chinachitika. Ndinayesa a makina osokera, mutu unangoyabwa. Kenako ndinaganiza kuti munthu wamphamvu chotere sangadzole mafuta ofooka, ndiye ndinapita kwa owamba nsomba kukapempha mafuta odontha ku kampango.

Changu chonsechi chinali ndi chifukwa. Loweruka ndinkayenera kukaonekera ku Malindi kwa Che Bakali, amalume ake a Mariamu, amene anali atabweza kale anyamata ena. Ndinkaopa kuti akaona dazi adzati mwana wawo akutengedwa ndi nkhalamba. M'mawa wa tsikulo ndinapaka mafuta osaumira, n'kuvindikira ndi kofia yoyera, n'kupalasa njinga dzuwa likuswa mtengo.

Nditafika anandiyalira mkeka pakhonde. Moni usanathe, dontho loyamba linatsika kuseri kwa khutu. Lachiwiri linadzera pamphuno. Ntchentche zinayamba kusonkhana, kenako mphaka wa pakhomopo anadzakhala pamwendo panga n'kumandiyang'ana mwachikondi (Mariamu sanandiyang'anepo chotero).

"Mwatitengera ndiwo, bambo?" anafunsa Che Bakali.

"Ayi, amalume."

"Nanga kampango akununkhayu ali kuti?"

Ndisanayankhe, mphaka uja analumphira paphewa panga, kofia gwe pansi, iye n'kuyamba kunyambita dazi. Amayi amene anali pambali anagwira pakamwa. Mariamu anathawira kuseri kwa nyumba. Manyazi amene anandigwira, ndinalakalaka kuthawa osatenga ndi njinga yomwe. Ndinaulula zonse: Chigayo, tepi, mafuta. Mumtima ndinadziwa kuti mkazi ndamuphonya basi.

Che Bakali anauza onse kuti achoke kaye. Titatsala awiri anavula kofia yawo pang'onopang'ono. Dazi lawo linaposa langa kutalitali.

"Tepi ya kwa Amidu?" ananong'ona. "Ine ndinayesa a nsatsi. Taweramani ndione, mwina a kampangowa pali chikumera."

Ndinawerama. Anayang'anitsitsa, nausa moyo, nati ukwati ukhalepo.

Mafoni atabwera ndinafufuza mbiri ya masewera aja. Kani usiku ankabwerezanso ndewu zakalekale, ndipo matepi ankatifika mosakanizika. Tepi ya tsitsi ija inali ya Chigayo ali mnyamata. Tsitsi silinamere ayi, linali lisanathothoke! Ndinapita ku Malindi kukawaonetsa Che Bakali. Anayang'ana foniyo, napukusa mutu.

"Mafoni amanama, mkamwini. Ife mafuta ake enieni sitinawapeze chabe."

Ndinawaseka njira yonse pobwerera. Koma kunena zoona, a mlamba sindinayesebe.