Amene Anatcha Nkhadze Dzina Ndine

Amene akuti ndikunama aimirire pano tionane. Mtengo mumautcha nkhadze uwo, mbale wake wa chinangwa ndi nsatsi, kale unalibe dzina. Tinkangouloza ndi chala. Dzinalo linatuluka pakamwa panga pano.

Ndinali nditabzala kanthambi kake kuseri kwa nyumba ku Midzemba kuti mbuzi zisamalowe m'dimba, n'kukwera njinga kukagulitsa manachesi ku Lisungwi. Pobwera masana, nyumba osaoneka! Mtengo wazinga bwalo lonse, nthambi zakola mitambo, akhwangwala atopa n'kuuzungulira ayamba kuyenda pansi, ndipo m'katimo ndikumva mkazi wanga, a Nabanda, akukuwa: "Bambo a Feliya, maso anga! Utomoni wandilowa, sindikuona!"

Mukumva? Ndinasolola chikwanje, kutema kuno, uko kwaphuka zina, nthambi iliyonse yogwa n'kumera mizu ine ndikupenya, utomoni woyera mbuu kudzaza khwawa, kutsetsereka mpaka mumtsinje wa Lisungwi, nsomba kuchita khungu n'kumatuluka pamtunda kufunsa njira kwa amayi ochapa, chikwanje changa kusungunuka n'kutsala chogwirira chokha. Mawu a Nabanda akunka nachepa. Ndinakumbatira thunthu ndi manja awawa, kuponda mwala mpaka unalira, n'kukuwa kuti "N'khadzule!" koma utomoni unandithira m'kamwa mawu asanathe, n'kungomveka "N'khadz... eee!"

Mfuu umenewo unaphulitsa matayala a njinga ku Matandani, kuboma anthu anathawa m'maofesi, ngakhale ku Mozambique ana analeka kuyamwa. Mtengo unang'ambika pakati. Ndinabereka a Nabanda, liwiro la kuchipatala, kupitirira minibasi pachitunda, mthunzi wanga kudzandipeza nditakhala kale pabenchi. Anamwino anawatsuka maso ndi madzi ambiri, ndipo atatsegula, chinthu choyamba kuona chinali nkhope yanga ino. Analira. Ine ndimati chinali chimwemwe.

Kuyambira tsikulo aliyense akauona mtengowo amati, "Suja wa n'khadz-ee uja?" Basi, dzina linakhala.

Musavutike kukawafunsa a Nabanda. Akuuzani kuti kampanda kake kankalekeza m'mawondo, kuti anatuluka okha chokwawa, ndipo ine anandipeza nditakhala pansi ndikulira ngati mwana. Kodi munthu amene anali atatsinzina, utomoni uli thoo m'maso, anaona chiyani?