Chingwe cha Nsapato cha a Orville

Mumzinda wonse wa Duluth, munthu woyeza dziko ndi chingwe cha nsapato anali mmodzi yekha, a Orville Lindqvist. Pamalo omwera khofi pa Mayi Berit ankakhala pakona, atafungatira mpira wa mapu a dziko ngati khanda. Kungotchula mizinda iwiri, basi nsapato yavulidwa, chingwe chili pampira.

"Minneapolis mpaka Miami!" wina ankawaputa dala.

"Mamailosi 1,500, pandege maola atatu ndi theka. Ukodzeretu."

"A Orville, nsapato patebulo ayi!" Mayi Berit ankakalipa. "Anthu akudya!"

Ndiye kunabwera Wendell Haugen, amene anayendetsa thiraki zaka makumi atatu, munthu wosafuna kuuzidwa njira. Mwana wake ankakwatiwa ku Tokyo.

"Kuchokera ku Chicago ndi maola khumi ndi atatu," anatero a Orville. "Mudzera ku Alaska."

Wendell anaseka mpaka kutsamwa. Anakatenga mapu m'galimoto, nawayala patebulo.

"Madala, Tokyo ili kumadzulo, Alaska kumpoto uko. Woyendetsa ndegeyo akalonjere zimbalangondo? Kodi inu ndege munaikwerapo?"

Yankho tonse tinkalidziwa, n'chifukwa chake sitinkafunsa.

"Ayi," anatero a Orville.

Wina anaseka, enafe n'kutsatira. Mkuluyo anamanga nsapato yake bwinobwino, nanyamula mpira wake. Pa Mayi Berit sanapondeponso.

Tsiku la ulendo wa ku Tokyo linafika, ndipo ndege itauluka maola angapo, Wendell anasuzumira pawindo. Mapiri oyera mbee!

"Mayi, tasochera kodi?" Wendell anafunsa wopereka zakudya.

"Ayi bambo, ndi Alaska. Njira yachidule ndi yomweyi, pajatu dziko ndi lobulungira."

Manyazi anamugwira, chakudya sichinalowe. Ku Tokyo anagula zingwe zansapato zofiira zoti akapepesere. Koma abale, kupepesa n'kovuta kwa munthu wamakani! Katatu konse anaimika galimoto pakhomo pa a Orville, katatu konse n'kubwerera. Ankangoti mawa. M'mwezi wa Febuluwale a Orville anamwalira, zingwe zili m'thumba la jekete ya Wendell.

Mpira uja achibale anaupereka kwa Mayi Berit, uli pashelefu. Masiku ano wofuna kudziwa mtunda amangoyang'ana pafoni, palibe wovula nsapato, ndipo Mayi Berit akuti khofi wa m'mawa sakomanso.

Sabata yatha mayi wina wachilendo ananena kuti akupita ku Tokyo. Wendell anadzuka, natsitsa mpira, natulutsa chimodzi mwa zingwe zofiira zija, nachiika pampirapo.

"Mudzera ku Alaska," anatero, maso ali pansi.

"Anakuuzani ndani zimenezo, a Wendell?" anafunsa Mayi Berit, ngati sakudziwa.

Wendell anayang'ana mpando wa pakona uja.

"A Orville. Ankanena zoona, wopusa ndinali ine."

Ulendo uno palibe anaseka.